Achimwene Anati Adzaima pa Tchalitchi

Ndinayamba kuthamanga chifukwa cha mantha, osati chifukwa chokonda masewera. Namwino wa pachipatala chathu ku Chintheche, mayi wa ku Ntcheu wosadziwa kuzungulira nkhani, atandipima BP anandiloza pamimba n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mukapanda kuchichotsa ichi, chikuchotsani ndi chomwechi." Ndinatuluka nditakwiya, koma m'mawa mwake ndinavala kabudula.

Kwathu kuno munthu wamkulu sathamanga popanda chomuthamangitsa. Ndiponso ife Atonga timadziwika ndi kutchena, ndiye mphunzitsi wa imvi kuoneka pamsewu wa tala mawondo ali pamtunda inali nkhani yokambirana pamjigo. Amayi opita kukavuula chinangwa ankatula madengu n'kufunsa kuti, "Ada, kwagwanji?" poti kwathu bambo timati ada. Asodzi a ku Makuzi ankafuna kudziwa ngati ndi akazi anga akundipirikitsa. Komanso sungadutse munthu wamkulu osamupatsa moni, choncho theka la kuthamanga kwanga kunali kuima, kuvula chipewa ndi kufunsa za odwala. Komabe pang'onopang'ono ndinayamba kufika ku Bandawe n'kubwerera, kenako mpaka ku Kande. Mimba inaphwa, ndipo anthu anatopa nako kuseka.

M'mimba mwathu oyamba kubadwa ndi achimwene anga. Anapita ku Joni ine ndili ku sekondale, monga amachitira amuna ambiri a kuno. Anzawo amabwera pa Khirisimasi, matilesi ndi njinga zili pamwamba pa basi, n'kumanga nyumba za malata. Athu anabwera zaka zoyambirira zokha, kenako zii. Pa maliro a bambo sanaoneke. Anthu amangoti anatchona, ndipo amanena mawuwo motsitsa amayi akakhala pafupi. Foni ankaimba mwa apo ndi apo, nambala n'kumasinthasintha, ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu omwewo: chaka chino ndibwera.

Ndinkawasowa. Ndikunena poyera chifukwa amuna a msinkhu wanga sitinena zotere. Ndiwo anandiphunzitsa kusambira, pondikankhira m'madzi kuchokera m'bwato n'kumandiseka. Ndiwo anandiphunzitsa kusita thalauza ndi simbi ya makala mpaka mzere wake kuima njo. Loweruka ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ine n'kumawatsatira pambuyo ndikuyesezera kayendedwe kawo. Nthawi zambiri ndikamathamanga m'mbali mwa minda ya chinangwa ndinkalankhula nawo mumtima, tsiku lina kuwakalipira, tsiku lina kuwauza nkhani za kusukulu.

Ku Joni komweko kuli msuweni wanga, mayi woluka tsitsi, wapakamwa posachedwa. Ataona chithunzi changa pafoni ndili mukabudula anaimba akuseka. "Amuna anga, miyendo ya kakowayo musamangoonetsa a ku Kande okha. Kuno kuli mpikisano waukulu wa malathoni, ndikulembetsani." Anati mtunda wake ndi ngati kuchoka pa Chintheche kukafika ku boma ku Nkhata Bay. Ndinavomera msanga moti iye mwini anadabwa.

Anzanga kusukulu ankayesa ndikufuna mendulo. Ine ndinkafuna kuona nkhope ya achimwene. Aliyense wa kwathu amene anayesapo kukawachezera ankabwera chimanjamanja: lero ali ku ntchito, mawa asamuka. Ngakhale msuweni wangayo anali atatha zaka osawaona. Ndinaganiza kuti mwina chovuta ndi pakhomo, poti mlendo amaona mpando umene wakhalira ndi kapu imene wamwera. Koma msewu ulibe mwini. Kuima pamsewu sikulira mpando kapena tiyi.

Nditawapeza pafoni n'kuwauza, anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawatchulira madera amene mpikisanowo umadutsa, monga anandiuzira msuweni.

"Njira imeneyo ndikuidziwa," anatero m'Chitonga chathu, chimene mpaka pano sanachisakanize ndi chilichonse. "Ndidzaima pa tchalitchi cha njerwa zofiira. Pali mtengo waukulu. Sungandiphonye."

"Yewu, achimwene," ndinathokoza.

Sindinafunse dzina la msewu. Ndikanafunsa bwanji? Kuno ukati tikumane pa tchalitchi, pansi pa mtengo, wamaliza, palibe amafunsa kuti tchalitchi chiti. Amayi anandimangira ufa wa kondowole ndi usipa wouma kuti ndikawapatse, ndipo anangonena chimodzi: "Usakamukalipire."

Ndinafika ku Joni mapazi atatupa ndi ulendo wa pabasi. Nditamufotokozera msuweni za pangano lathu anaomba m'manja n'kukhala pansi. "Ada inu! Nonse awiri ndi imvi zanu? Mukuyesa kuno ndi ku Bandawe?" Tinayesa kuimba, koma foni ya achimwene inali yothimitsa. Ndinamuuza kuti asadandaule, mbale wanga ndingamuzindikire ngakhale atatembenuka.

Tsiku la mpikisano linali Lamulungu. Kunkazizira, ndipo anthu poyambira anali ngati tizilombo ta nkhungu tikamatuluka panyanja, osaona pomwe athera. Panali azungu, amwenye, agogo, ena atavala zoseketsa, onse akudumphadumpha, koma wopatsa mnzake moni panalibe. Foni ndinamusiyira msuweni chifukwa kabudula wanga analibe thumba. Mfuti italira tinayamba ndi kuyenda, chifukwa malo oponda anali ochepa. Nditayamba kuthamanga ndinazindikira kuti mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Munthu wa kunyanja ukaukoka sufika pansi pa chifuwa.

Tisanapite patali ndinachiona: tchalitchi cha njerwa zofiira, patsogolo pake mtengo waukulu wa maluwa ofiirira. Ndinaima nji pakati pa msewu. Mwamuna wina anandigunda kumbuyo n'kunditukwana m'chinenero chake, koma sindinasamale. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi. Panalibe. Ndinati mwina achedwa, ndinadikira pang'ono, kenako ndinapitirira. Nditangokhota ndinaona china, cha njerwa zofiira ndithu, ndi mtengo womwewo. Mitengo imeneyo ili mbali zonse za misewu, ndipo matchalitchi akumeneko amamera ngati bowa.

Chinanso, poti linali Lamulungu, pakhomo pa tchalitchi chilichonse panali amuna a majekete ataima kuonerera. Ine maso anga anali pa majekete. Ndinkadumpha msewu kuchoka mbali ino kupita mbali inayo, ndikudula anzanga njira, moti ndikhulupirira ndinathamanga mtunda wautali kuposa wopambana. Pena ndinaona bambo wamtali, woima mopendekeka pang'ono ngati iwo. Ndinamuthamangira ndikufuula moni wa kwathu, "Mwe uli?" Anandiyankha mwaulemu m'Chizulu n'kundilozera kumene anzanga ankapita, poyesa kuti ndasochera. Pena anyamata ena ataona mbendera ya kwathu imene akazi anga anandisokera pamalaya anakuwa, "Tiyeni akumudzi!" Mtima unadumpha, koma onse anali ana obadwa achimwene atachoka kale.

Titapitirira theka, miyendo inayamba kukana. Minofu ya kumbuyo inkakungika ngati chingwe cha ukonde. Ndinayenda, ndinathamangako, ndinayendanso. Pamenepo mkwiyo unabwera. Ndinawatukwana mumtima, ndinawakumbutsa bokosi la bambo limene tinanyamula popanda iwo, ndinawauza kuti chibale ndi fupa sichiola koma chawocho chinaola kalekale. Koma tchalitchi china chikaoneka patsogolo, mkwiyo wonse unkasungunuka, n'kupukuta thukuta kumaso kuti andione ndili bwino.

Kenako matchalitchi anatha. Msewu unalowa m'dera la mafakitale, kenako unalunjika ku bwalo la masewera kumene tinkamalizira. Ndinkachewukabe m'mbuyo. Ndinalowa m'bwalomo pamodzi ndi otsalira, ena akukwawa ndithu, ndipo mtsikana wina anandikoleka mendulo m'khosi akumwetulira. Msuweni anandikumbatira akululutira. Ataona nkhope yanga analeka, n'kundipatsa foni. Panalibe amene anaimba.

Inalira madzulo, nditaviika mapazi m'beseni kunyumba kwa msuweni.

"Wamaliza?" Anali achimwene.

"Munali kuti?"

"Pomwe ndinakuuza. Ndakuona. Unavala malaya oyera a mbendera. Unaima, unayang'ana uku ndi uku, kenako unawerama n'kugwira mawondo."

Zinali zoona. Ndinachitadi zimenezo, koma pa matchalitchi angapo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti pati.

"Nanga bwanji simunandiitane?"

Ndinkamva magalimoto akudutsa kumene analiko.

"Wamera imvi, iwe," anatero. "Ukuyenda ngati malemu ada. Nditakuona ndinayesa ndi iwo."

"Achimwene, ndafunsa kuti bwanji simunandiitane."

"Pakamwa ndinatsegula. Iwe unkayang'ana aja oimirira, a majekete aja. Ine ndinali nditakhala pansi, m'mbali mwa mpanda. Maso ako anadutsa pa ine kawiri." Anatsokomola. "Ndinaona kuti bola ubwerere ndi munthu amene unkamufunayo."

Ndinaiwala kuti ndine mphunzitsi, ndinaiwala kuti msuweni akumva. Ndinalira ngati mwana. Ndinawauza kuti sindinabwere kudzaona jekete, kuti angonena pomwe ali ndibwera pompano ngakhale chokwawa, kuti ama atumiza ufa. Anati ufawo ndiusiye kwa msuweni. Anati tionana mawa, ndipumule kaye. M'mawa mwake foni inali yothimitsa, ndipo inakhala choncho mpaka tsiku limene ndinakwera basi.

Njira yonse ya ku Zimbabwe ndi ku Tete ndinkabwerera m'maganizo ku matchalitchi aja, chimodzichimodzi, ndikuyesa kukumbukira anthu okhala pansi. Ndinkakumbukira mayi wogulitsa malalanje, munthu wina atafunda bulangete, wina wa chipewa choluka. Nkhope sindinkaziona. Mpaka pano ndikamathamanga kupita ku Kande ndimayesabe, ndipo chimandiwawa kwambiri n'chakuti tinapuma mpweya umodzi, iwo anakhuta kundiona, ine ndinabwera ndi njala yanga yomweyo.

Ndinafika kunyumba chakum'mawa. Amayi anali pakhonde akuyanika chinangwa pamphasa. Sanafunse za mpikisano. Anadikira ndikhale pansi, anandipatsa moni wa ulendo, kenako anafunsa ali chiweramire.

"Mkulu wako wanenepa kapena waonda?"

M'basi ndinali nditakonza bodza labwino, la munthu wonenepa wokhala m'nyumba yabwino. Koma linakanika kutuluka.

"Sindinawaone, ama. Iwo ndiwo anandiona."

Manja awo anaima pamphasa. Ndinawafotokozera zonse, kupatula zokhala pansi zija.

"Anakuona bwinobwino?"

"Anandiona. Anadziwa ndi malaya amene ndinavala. Anati ndamera imvi."

Anapukuta manja pachitenje n'kusendeza mphasa.

"Sendera kuno," anatero. "Tembenukira kuli dzuwaku. Ndione nanenso zimene mwana wanga uja anaona."