Panelo Imene Thoko Anajambula Ikupsa Pawindo Lawo

Ndikufuna panelo yanga. Ndanena pakamwa, ndanena pafoni. Tsopano ndikulemba muno m'gulu lathu la omanga makompyuta a masewera, chifukwa ambiri a inu mumapita ku shopu imeneyi. Dzina sinditchula. Ili m'tauni muno mu Lusaka, kuseri kwa Cairo Road, ndipo windo lake limayang'ana kumadzulo. Mukadutsa muiona nokha. Pawindopo pali kompyuta yoyaka timagetsi tamitundumitundu, ndipo pachitsulo cha m'mbali mwake pali chithunzi cha minibasi ya buluu.

Chitsulo chimenecho ndicho panelo yanga. Chithunzicho anajambula ndi mkazi wanga, Thoko. Thoko anamwalira mu Epulo.

Kompyutayo ndinamanga ndekha ndisanakwatire. Kesi yake ndi yakuda, yachikale, yotseka mbali zonse ndi zitsulo. Thoko atalowa m'nyumba yathu ku Kabwata anati ikuoneka ngati bokosi la magetsi la pamsewu. Loweruka lina ndinabwerera kunyumba n'kupeza wamasula panelo ya m'mbali, waiika pamphasa, akuijambula ndi utoto wa zikhadabo ndi tizitini totsala ta penti. Anajambula minibasi ya ku Chelstone, mmene tinakumana, ndi mitu iwiri pawindo lakumbuyo. Kujambula dzuwa kunamuvuta. Mapeto ake anaviika chala chachikulu m'penti yachikasu n'kudinda pakona. Mizere ya chala chake imaoneka bwinobwino mukayandikira.

Maliro atatha, abale ake ochokera ku Katete anagawana katundu monga mwa mwambo. Zovala, mbale, makina osokera. Sindinakane, ndipo sindikudandaula. Azakhali ake anayang'ana kompyuta ija n'kunena kuti, "Ichi ndi cha akamwini, chisiyeni." Ndiye m'nyumba yonse, chokhacho chimene chinatsala chopangidwa ndi dzanja lake ndi panelo imeneyo.

Utoto wa zikhadabo sukhalitsa pachitsulo. Mwezi watha ndinaona kuti denga la minibasi layamba kusuwa. Wina muno ananena kuti anyamata a shopu ija amadziwa kupopera vanishi woteteza penti. Ndinanyamula kompyuta yonse chifukwa mafani oziziritsa mkati nawonso ankafunika kusintha. Ndinakwera nayo basi nditaikumbatira pamiyendo.

Amene anandilandira ndi mmisiri wawo, dzina lake Chanda. Ndinamuuza zinthu ziwiri: mafani atsopano, ndi vanishi pachithunzi. Ndinaloza ndi chala. Ndinamuuza amene anajambula. Ndinamuuzanso kuti anamwalira, ngakhale kuti sindikonda kuuza anthu achilendo. Iye ankagwedeza mutu, diso limodzi lili pampira umene anzake ankasewera pasikirini. Anati, "Osadandaula ba bosi, izankala bwino maningi. Bwelani pa Chisanu."

Lachisanu ndinapita. Chanda anatulutsa kompyuta yanga akumwetulira ngati munthu wobweretsa keke. Anaiyatsa. M'mbali munali galasi. Mkati munali timagetsi tofiira, tobiriwira, tikuthamangitsana. Khadi la zithunzi likuoneka, mawaya onse atawamanga bwino.

Ndinafunsa kuti panelo yanga ili kuti.

Anati, "Ija yachitsulo? Awe ba bosi, apa ndiye mwamene tichitila. Muntu akaleta kesi yakudala, timuikila galasi kuti malaiti azioneka. Chitsulo chimasala kuno. Aliyense aziba."

Aliyense? Munthu akabweretsa kesi yakale, chitsulo chake chimatsala kwa iwo? Ine ndinapempha galasi? Ndinapempha malaiti? Munthu akabwera kudzameta ndevu mumamuchotsa dzino chifukwa ndi mmene mumachitira?

Sindinakuwe. Ndinafunsanso kuti panelo ili kuti. Anandilozera ndi mlomo kuwindo.

Ndinatuluka panja kukaona. Inalipodi. Anaiika pakompyuta yawo yoonetsera, ija imene imayaka usana wonse kuti ikope odutsa. Popeza mabowo a masikuluu sanagwirizane ndi kesi yawo, anaiboola m'makona n'kuikhomera ndi mariveti, timisomali tosachoka popanda kuboola. Riveti imodzi ili pafupi kwambiri ndi dzuwa lija. Vanishi sanapopere. Ndinayang'ana bwinobwino, nkhope nditaigunditsa pagalasi. Palibe ngakhale dontho.

Ndinabwerera mkati n'kupempha kuti aichotse ndikudikira. Chanda anati windo lija lili ndi zitsulo zotchinga mkati, pali loko, ndipo kiyi imakhala ndi mwini shopu, Ba Mwansa. Ba Mwansa anali kunja kwa dziko kokagula katundu. Abwera liti? "Manje manje chabe," kutanthauza posachedwa. Ndinapempha nambala yawo. Anati sayankha akakhala paulendo. Ndinapempha kuti aphimbeko ndi nsalu kapena katoni. Anati dzanja silifika, ndiponso bosi akapeza windo lophimba achotsa munthu ntchito.

Kenako anandifunsa ngati nditenga kompyuta yanga. Anati ndikaitulutsa pakhomo ndiye kuti ntchito ndailandira, nkhani yatha. Ndinaisiya. Mpaka lero ili pashelefu yawo. Mapulani a nyumba amene ndimajambulira anthu ndikuchitira pakompyuta yobwereka ya mnzanga.

Inu nonse mukudziwa dzuwa la Okutobala mu Lusaka. Pawindo lija limafika cha m'ma 14 koloko, n'kukhalapo mpaka litabisala kuseri kwa nyumba zazitali za tsidya lina la msewu. Galasi limatentha moti simungaikepo dzanja. Kuseri kwa panelo kuli kompyuta yoyaka, ikutulutsa kutentha kwakenso. Panelo ikuwotchedwa mbali zonse ziwiri.

Ndinkapita tsiku lililonse. Ba Mwansa sanabwere. Abwera mawa. Ndege yachedwa. Afika koma ali ku boda ndi katundu. Afika koma akupuma kunyumba ku Woodlands. Anyamata aja anayamba kundizolowera. Ndikalowa wina ankandipatsa moni wakuti, "Shani ba minibasi," ena n'kuseka. Sakuseka mwankhanza, ndikudziwa. Kwa iwo ndine kastoma wovuta amene akulirira chitsulo.

Buluu wa minibasi anayamba kuyera. Mutu umodzi mwa iwiri ija, wanga, penti yake yatukuka ngati khungu lopsa.

Lolemba lapitali ndinawapeza Ba Mwansa. Munthu waulemu, wovala bwino, kiyi ili pa lamba. Ndinaiona kiyiyo. Anandipatsa mpando, anatumiza madzi ozizira. Anati amva za imfa ya mayi a kunyumba, pepani kwambiri, Mulungu ndiye adziwa. Ndinathokoza. Ndinati ndabwera kudzatenga panelo yanga.

Anati akumvetsa, koma ndione mbali yawonso. Chiikireni chithunzicho pawindo, anthu akuima, akujambula ndi mafoni, akulowa. Makastoma olemera a ku Kabulonga akufunsa ngati angawapangire chotero. Anati, "Ba madamu banali na luso, mufunika kunyada. Tauni yonse ibaona."

Ndinati sanajambulire tauni.

Anati kuchotsa mariveti n'kofunika kuboola, ndipo chitsulo chikhoza kupindika, penti n'kusweka. Iwo sangafune kutenga mlandu umenewo. Ndinafunsa kuti nanga poikhomera mlanduwo anautenga ndani? Ndinati chabwino, tulutsani kompyuta yonse pawindo, muiike mumthunzi, ndibwera ndi mmisiri wanga wa ku Kabwata achotse pang'onopang'ono ine ndikuyang'ana. Anati windo silingakhale lopanda kanthu nyengo ino, anthu ayamba kale kugula za Khirisimasi. Tidikire Januwale, adzaikapo makina atsopano, yanga adzandipatsa.

Januwale. Ndinawafunsa ngati aiyang'anapo masiku ano. Ndinawafunsa kuti pofika Januwale adzandipatsa chiyani, chitsulo chakuda cha mabowo anayi?

Pamenepo ndi pamene anatulutsa nzeru yawo yaikulu. Anati anaijambula kale ndi kamera yabwino isanayambe kusuwa. Akhoza kundisindikizira sitika yofanana ndendende, yosasuwa, yosalowa madzi, n'kundimatira pa panelo yatsopano. Kwaulere. Anati, "Izaoneka mushe kuchila na ija." Akuti idzakongola kuposa ya Thoko.

Ba Mwansa, ndikudziwa muli muno m'gulu, ndipo muwerenga. Sitika yanuyo idzakhala ndi chala cha ndani? Makina anu osindikizira anakhalapo pamphasa Loweruka, akudandaula kuti dzuwa silikutuluka bwino? Ndiponso chithunzi chimene munajambula ndi kamera, anakulolani ndani? Masitika amenewo mwayamba kale kugulitsa ku Kabulonga?

Sindinawayankhe zonsezi pamaso. Ndinaimirira, ndinathokoza madzi, ndinatuluka. Ndikanakhalanso pang'ono ndikanachita chinthu chimene Thoko sakanakondwera nacho.

Ena mundiuza kuti ndiswe galasi. Ndaganizapo. Kuseri kwake kuli zitsulo, ndipo zidutswa zingagwere pachithunzi chomwecho. Ena muti ndipite kukhoti. Ndayamba kufunsa njira yake, koma nkhani zotero zimatenga nthawi, ndipo dzuwa limabwera tsiku lililonse. Ndinayesa kumata nyuzipepala kunja kwa windo. Mlonda wa nyumbayo anaichotsa ndisanafike pakona. Anati pepani, anamuuza kuti pagalasi pasamatidwe kanthu. Koma ananenanso kuti pamsewu ndi pa aliyense, kuima sangandiletse.

Ndiye ndimaima. Ndimachoka pantchito masana, ndimakwera basi, ndimafika dzuwa lisanakhote. Ndimaima msana kugalasi, pamalo pamene mthunzi wanga umagwera pakona ya chala chija. Dzuwa likasuntha, nanenso ndimasuntha. Mayi wogulitsa nthochi pafupi ankaganiza kuti ndikudikira munthu. Tsopano anasiya kufunsa. Anyamata a mkati amandiyang'ana kudzera pagalasi, Chanda amayang'ana pansi. Dzulo Ba Mwansa anatumiza uthenga kuti ndikutchinga malonda. Inde, ndikutchinga.

Sindingapite kulikonse masana. Mayi anga ku Chelstone akudwala mwendo, ndimakawaona m'mawa mokha. Kastoma wina wandisiya chifukwa sindipezeka. Mapewa a malaya anga onse asuwa.

Zimene ndikufuna ndi zochepa. Tulutsani kompyuta ija pawindo lero, muiike mumthunzi. Lolani mmisiri wanga achotse mariveti. Bwezerani panelo pa kesi yanga, galasi lanu ndi malaiti anu mutenge, sindinazipemphe. Fufutani chithunzi chimene munajambula. Ndipo mundiyankhe muno, pamaso pa anthu amene amakubweretserani makompyuta awo: lamulo lakuti chitsulo chakale chimatsala kwa inu linalembedwa pati, ndipo munandiuza liti?

Kwa inu anzanga, ngati pa kesi yanu pali chilichonse chimene simungagulenso, masulani kunyumba musanapite nayo kumeneko. Musadalire kuloza ndi chala. Musadalire kufotokoza. Amagwedeza mutu, koma akuona galasi ndi malaiti basi.

Mizere ya chala cha Thoko ikuonekabe. Ndinayang'ana lero. Minibasi ikupita, koma chala chilipo, chifukwa ndi pokhapo pamene mthunzi wanga umakwanira. Windo lija ndi lalikulu kuposa msana wanga. Mawa cha m'ma 14 ndidzakhala pomwepo. Ngati muli m'tauni ndipo muli ndi kanthawi, bwerani mudzaime pambali panga, kumanzere, pamene pali mitu iwiri ija.