Amati Achemwali Ndinawamana Chakudya

Ndinadzuka kusanache, ngati kuwodzera kuja n'kutchedwa kugona. M'siwa amayi a kumpingo anali atasasa mawu, koma nyimbo sizinaduke. Panja chiperoni chinali chitatsika kuchokera kuphiri la Michesi, amuna ataunjikana pamoto majekete kumutu.

Omwalirawo anali achemwali anga. Kale anali mayi wathupi, woti akakwera kabaza mwini njinga ankayamba wapemphera. Anthu ankawasirira, amati banja lawayanja. Atawapeza ndi shuga, kuchipatala anatiuza kuti achepetse thupi: mgaiwa pang'ono, masamba ambiri, tiyi wopanda shuga. Wowaphikira ndinali ine, ndipo sindinkanyengerera. Thupi linatsikadi, adokotala n'kutiyamikira. Koma kumudzi kuno munthu saonda chabe. Anthu anayamba kunong'onezana kuti ndi matenda aja. Achemwali anasiya kupita kumsika, kenako kutchalitchi, mapeto ake ngakhale moni sankayankha. Ankangobindikira kuchipinda.

Kutacha ndinapita kumene amayi ankaphika kukathandiza kusankha nandolo. Nditangofika, macheza anazima. Azakhali athu ochokera kwa Nazombe sanafune n'kubisa komwe.

"Mwana iwe, shuga amachiza ndi njala? Munthu uja wamumaliza ndiwe."

Ndinkangoyang'ana mayi wina akukhuthulira mapaketi a shuga mumgolo wa tiyi, pamaliro a munthu wofa ndi shuga. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira, osadziwa choyamba n'chiti.

Anthu anabwera ambiri, ena wapansi kuchokera kwa Mkhumba, ena panjinga, matope mpaka m'mawondo. Poona nkhope ndinamva wina kumbuyo kwanga akuti sakanawazindikira. Malume powerenga mbiri anangoti malemu anadwala nthawi yaitali. Matendawo sanawatchule, ndipo anthu anayang'anizana ngati amene atsimikiza zomwe ankaganiza. Zinandiwawa kwambiri.

Tinanyamuka mvula ikuwaza. Njira inali yoterera, koma mwa onyamula bokosi palibe anadandaula kulemera. Ine mpaka kumanda m'mutu munali funso limodzi: ndinachita zonse zimene anandiuza, nanga zinalakwika pati? Adzukulu atamaliza kukwirira ndinaika nkhata yanga, azakhali aja akundiyang'ana.

Madzulo anthu atabalalika pakhomo panangoti zii. Ndinalowa kuchipinda kwa achemwali kukapinda zovala. Alamu anga, amuna awo a malemu, anali atakhala pabedi. Anawerama n'kukoka katoni kunsi kwake. Inali yodzaza mabotolo a zakumwa zotsekemera, onse opanda kanthu.

"Ndinkawagulira ndine, mlamu," anatero. "Ankachita kundichonderera. Amati bola anenepenso, anthu asiye kuwaloza chala. Akamwa ankacheza, mwinanso kuseka kumene. Inu munkasamala magazi awo, ine ndinkangofuna kumvako mawu awo m'nyumba muno. Ndiye tandiuzani, wawapha ndani?"

Ndinafuna kuwakalipira. Koma miyezi yonse ija ndinkawaphikira achemwali tsiku ndi tsiku, ndipo sindinawamvepo akuseka ngakhale kamodzi. Ndinakhala pansi pambali pa katoniyo. Kunja kunkada, koma pakati pa ine ndi alamu panalibe amene anadzuka kukayatsa nyali.