Kanyundo Kobwereka

Ntchito yanga yoyamba inali yosesa ndi kupukuta fumbi m'sitolo yogulitsa ndi kukonza mapiyano ku Oud Metha, dera la mumzinda wakunja kuno kutsidya kwa nyanja. Anandipezera ndi mayi wina wa kwathu amene anakhalitsa kuno. Atamva kuti eni sitolo akufuna munthu wosalongolola, anandiimbira foni. "Enelesi, iyi ndi yako," anatero. "Iwe tikapanda kukupatsa moni umatha sabata osatsegula pakamwa."

Sananame. Makolo anga atamwalira ndinakulira kwa agogo ku Balaka, ndipo agogowo anali telala. Ndinkakhala pansi pafupi ndi makina awo n'kumamvetsera. Ulusi ukafuna kukola pa bobini, ndinkamva iwo asanaone.

Kuseri kwa sitoloyo kunkagwira ntchito a Lobo, bambo wachikulire wa ku Goa, wotchuna mapiyano. Tsiku lina akutchuna ndinasiya kukolopa n'kukwinya nkhope. Anandiona.

"Wamva chiyani, beti?" Beti ndi mmene amaitanira mwana wamkazi kwawoko.

Ndinati mawaya awiri akukangana. Anaseka mpaka kutsokomola. Makiyi ambiri a piyano amachititsa mawaya atatu kulira nthawi imodzi, ndipo akapanda kugwirizana mawu amanjenjemera. Sabata yotsatira ndinayamba kuyenda nawo m'nyumba za makasitomala.

M'chikwama chawo munali sipanala yotchunira ya chogwirira chachitali, kachitsulo ka mphanda kamene ukakamenya pabondo kamalira noti ya A, timphira tosongoka totsekera mawaya, lamba wa felti, nsalu yokhuthala yaubweya, ndi masikuludiraiva atatu. Umachotsa bolodi lakutsogolo, n'kulowetsa felti pakati pa mawaya kuti kiyi aliyense alize waya mmodzi. Ukatchuna wapakatiyo, umabweretsa am'mbali awiri kuti amutsatire. Pomaliza umamenya kiyi mwamphamvu kuti waya akhazikike, apo ayi mawa lake amabwerera.

Kumbuyo kwa kiyi aliyense kuli kanyundo ka felti komenya mawaya, pa kamtengo kowonda ngati pensulo. Patapita miyezi ndinaona kuti nyumba iliyonse tinyundo tapakati tinali ndi mizera yakuya ya mawaya, koma takumapeto tinali tatsopano ngati sitinagwirepo ntchito. Ndinawafunsa a Lobo chifukwa chake tili m'galimoto kupita ku Mirdif.

Anandifotokozera akulimbana ndi magalimoto. Kale ku Ulaya, anati, wopeka nyimbo anali wantchito wa mfumu kapena wa tchalitchi, amavala yunifolomu n'kumadya limodzi ndi ophika. Zaka zoposa mazana awiri zapitazo amalonda, madokotala, maloya ndi makalaliki anayamba kupeza bwino. Anagula timapiyano tapabalaza, nyimbo zosindikizidwa ndi matikiti a makonsati. Opeka nyimbo anaona kumene kukuchokera chakudya. Anayamba kulembera munthu amene waweruka kuntchito atatopa: dzanja lamanja liziimba nyimbo yomveka, lamanzere lizibwereza kanjira kamodzimodzi, ziganizo zikhale zazifupi ngati funso ndi yankho. Mapiyano a nthawiyo anali ndi makiyi 61, pamene a lero ali ndi 88.

"Ndiye nyimbo zambiri za m'mabuku a ophunzira sizifika kumapeto," anatero, akuloza nyumba zamipanda za ku Mirdif. "Ndipo anthu ake ndi omwewa. Angosintha zovala."

Mmodzi mwa anthuwo anali Mayi Tembo, namwino wa ku Chipata. Anagula piyano yakale ali ndi zaka makumi asanu, ana atakula, n'kuyamba kuphunzira akachoka kuchipatala. Tikapita ankatilandira ndi tiyi wamkaka ndipo ankandinena kuti ndine wowonda.

Tsiku lovuta linali Loweruka. Mwana wawo wamkazi ankapita kukakwatiwa ku Lusaka, ndipo madzulo ake abale ndi anzawo ankabwera kudzatsanzikana naye. Mayi Tembo anali atakonzekera chaka chathunthu kuti amuimbire nyimbo imodzi, koyamba kuimba pamaso pa anthu. A Lobo anali kuchipatala kukapimitsa maso, choncho ananditumiza ndekha kukatchuna piyano ya Mayi Tembo. "Yalla, nyamuka, uli ndi makutu," anatero.

Ndinayamba bwino. Ndinafika pa kiyi wa G wachiwiri kumanja kwa pakati, ndinatchuna, n'kumenya kiyi mwamphamvu monga ndinaphunzitsidwira. Ndinamva thyo! Kanyundo kanagwera mkati. Kamtengo kake, kouma ndi mphepo yozizira ya eyakoni ya zaka zambiri, kanathyoka mopingasa pamene guluu sangagwire. Ndinalibe kena m'chikwama. Foni ya a Lobo inali yothimitsa. Inali itakwana wani koloko, alendo ankafika folo.

Ndinatola kanyundoko. Ndinaganizapo zobwezera bolodi n'kutuluka mwakachetechete, poti kukhala chete ndi luso langa lakale. Koma ndinapita kukhitchini.

"Amayi, ndathyola."

Anabwera manja ali ndi ufa wa mandasi. Anadina kiyi uja ndi chala chaching'ono. Kunangomveka kugogoda kwa thabwa.

"Iwe mwana," anatero motsitsa. "Uyu ndiye woyambira nyimbo yanga. Manje nizachita bwanji?"

Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka. Anakhala pampando wa piyano n'kuyang'ana manja awo.

Buku lawo linali lotsegula pamwamba, masamba ake akuda ndi zala, manambala a zala atalembedwa ndi pensulo. Ndinawapempha andionetse pamene nyimboyo imakwera kwambiri. Anayendetsa chala m'masamba onse anayi, n'kudina kiyi wina. Kuchokera pamenepo kufika kumapeto kunatsala makiyi oposa khumi ndi asanu amene nyimboyo sinkawafuna.

"Kumapeto uku mumafikako?"

"Nikapukuta fumbi chabe."

Kanyundo kalikonse ka piyano yoimirira kamagwiridwa ndi sikulu imodzi. Ndinatenga sikuludiraiva yaitali, ndinamasula kanyundo ka kiyi womaliza, n'kuchotsa kachingwe kake. Ndinachotsa chotsalira cha kothyoka kaja n'kuika kobwerekako. Sikulu inandigwa kawiri, kachiwiri ndinaitola ndi maginito. Ndinakawongola kuti kazimenya mawaya onse atatu, n'kusintha kasikulu kapansi kuti kiyi asakhale ndi mpata. Kanali kakang'ono ndi kouma, mawu ake akuthwa kuposa anzake. Ndinabayabaya felti wake pang'ono ndi singano ya Mayi Tembo mpaka anafewako. Ndinamaliza kutchuna magalimoto oyamba akuima panja.

Ndinafuna kuthawa, koma anandigwira dzanja. "Wathyola, wakonza, manje uzamvera. Khala apo."

Ndinakhala pafupi ndi khomo. Pabalaza panadzaza anamwino anzawo, owerengera ndalama za makampani, mainjiniya, ena atakhala pamikono ya mipando mbale zili pamiyendo. Mayi Tembo anavula zibangili. Dzanja lamanzere linayamba kanjira kake, lamanja linafunsa, kenako linayankha. G wanga ankawala pang'ono kuposa anzake nthawi iliyonse akafika. Pa tsamba lachitatu anasokoneza, anaima, anati "Pepani, khalas, basi, tibwerere," n'kuyambiranso mzerewo. Palibe anaseka. Atamaliza, mwana wawo anagwada n'kuika mutu pamiyendo pawo, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kwa anansi.

Lolemba ndinaika kanyundo kothyoka patebulo la a Lobo n'kufotokoza zonse. Anakatembenuza pafupi ndi diso lawo labwinolo.

"Unabera kiyi womaliza? Wosauka uja, amene sachezeredwa ndi munthu?"

"Ndinabwereka."

"Ukabweze Lachitatu." Anandipatsa kamtengo katsopano ndi guluu, kenako anawonjezera timitengo tina tisanu. "Iti tizikhala m'chikwama chako."

Aka kanali koyamba a Lobo kunena kuti chikwamacho n'changa.

Lero ndimatchuna ndekha, ndipo timitengo tosinthira sitichoka m'chikwamamo. Koma chimene ndinatenga tsiku lija ndi china. Ndikalowa m'nyumba sindithamangira kuchotsa bolodi. Ndimayamba ndatsegula buku limene lili pamwamba pa piyano, n'kufufuza tsamba limene lada kwambiri ndi zala. Pamenepo ndi pamene mwini nyumba amakhala akaweruka, ndipo ndimayambira pomwepo kutchuna.