Kwini wa agogo a Mhango

"Mai a Tadala, mwana wanga akuti ndimuikire chesi pafoni, ija imakuuza ukalakwitsa. Ndi yabwino?" Anandifunsa choncho a neba dzana tili pampopi. Ndinangousa moyo, chifukwa ndinakumbukira agogo a Mhango.

Tinkakhala nawo mpanda umodzi ku Kawale ndili mtsikana. Akazi awo atamwalira, chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali chesi ndi a Phiri, mnzawo wakale. Ndikamakupiza mbaula, utsi wa makala ukundiwawa m'maso, ndinkamva timitengo ta chesiyo tikugogoda pathabwa ndi nkhalamba ziwirizo zikunyozana mpaka dzuwa kupendeka.

Ndiye mdzukulu wa a Mhango anawabweretsera foni. Masewera akatha, agogo ankalowetsamo zonse zimene asuntha, foniyo n'kumayerekeza ndi zimene iyo ikanachita. Ukalakwitsa, inkaika chizindikiro chofiira. Koma panali china chobiriwira, chosowa kwambiri. Mdzukuluyo anati chimabwera ukapereka dala kamtengo kofunika kuti kadyedwe, foni n'kuwerengera kutsogolo n'kupeza kuti sunataye kanthu. Agogo anangomva za kuperekazo, zinazo ayi.

Kuyambira pamenepo kwini wawo, kamtengo kamphamvu kuposa tonse, ankapita kukadyedwa tsiku ndi tsiku.

"A Mhango, bwezani kwini ameneyu. Tinene kuti sindinaone," ankatero a Phiri.

"Idyani, achimwene. Foni ikuyankhani."

Inkayankhadi: chofiira. Ndipo wokaitchajitsa kwa ometa tsitsi ndinali ine, kusiya nyemba pamoto, kubwera zitapserera, mayi n'kundikalipira. Tsiku lina ndinatopa nazo.

"Agogo, bwanji osangosewera ngati kale? Munkawina bwinobwino."

"Mwanawe, kuwina aliyense amawina. Ine ndikufuna chobiriwira."

Abale inu! Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo!

A Phiri anapirira dzinja lonse. Masana ena atadya kwini uja, anaona agogo akutulutsa kale foni masewera asanathe. Anaimirira, navala chipewa.

"Ndimayenda wapansi kuchokera ku Biwi, mawondo akuwawa, kuti ndidzasewere ndi munthu. Inu mukusewera ndi foni. Ine mwandisandutsa wokusunthirani."

Sanabwerenso. Agogo anandituma kukawaitana, ndinapeza akusewera bawo ndi anzawo ena, akuseka.

Agogo anataya kwini kosawerengeka, anataya a Phiri, thabwa linadyedwa ndi chiswe kuseri kwa chitseko. Chobiriwira chija sanachione mpaka tinawaika m'manda.