Chitseko cha Wodi

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga.

Ndinaphunzira kuwerenga imvi zili mbuu, pa sukulu ya kwacha ya kutchalitchi kwathu ku Rumphi Boma. Ndisanaphunzire ndinkanamiza anthu. Ndinakwatira m'banja la aphunzitsi, ndiye Lamlungu ndinkatsegula buku la nyimbo n'kumayimba za pamtima.

Mng'ono wanga atagonekedwa m'chipatala ku Mzuzu, ananditumizira kalata. Kupempha wina kuti andiwerengere kukanandiyalutsa. Ndinaibisa pansi pa zovala m'sutikesi, poganiza kuti ndipeza mlendo wosandidziwa. Patapita masabata atatu kunabwera uthenga wa maliro ake. Ngakhale nditadziwa kuwerenga, kalatayo sindinaikhudze.

Chaka chatha aphunzitsi athu, mayi opuma pantchito, anatiwerengetsa kabuku ka bambo wodwala amene ankadikira mwana wake. Bukulo limangoti anadikira masiku ambiri koma mwanayo sanabwere. Mzere umenewo ndinauwerenga n'kupitirira. Kenako Loweruka lina masana anatchinga mawindo ndi mabulangete n'kutionetsa kanema wa nkhani yomweyo.

Opanga kanemayo anaika kamera papilo, pamene panali mutu wa wodwalayo. Ife tinkaona zimene iye ankaona: chitseko cha wodi basi. Chikatseguka, amalowa ndi nesi. Chikatsegukanso, ndi mlendo wa bedi lina, fulasiki ili m'manja. Nyimbo anazithimitsa. Kunkangomveka kulira kwa chitsekocho ndi kupuma kwa munthuyo, kumene kunkafulumira akamva mapazi.

"Amama, makina aima kapena?" anafunsa mnzanga wina. "Nanga chitseko chomwechi mpaka liti?"

"Mwatopa kale, adada?" anayankha aphunzitsiwo. "Akufuna nanunso mulaweko kudikirako. Inu mwaona wodwala akuthamangitsa masiku?"

Anthu anaseka. Ine ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa tchalitchi. Zaka zonsezi ndikakumbuka nkhani ya kalata ija ndinkadziona ndekha ndi manyazi anga. Sindinaganizepo za mng'ono wanga akudzutsa mutu chitseko chikalira, n'kuubwezanso papilo.

M'mawa mwake ndinatenga kalata ija n'kukwera minibasi ya ku Nkhamanga, kumene mkazi wamasiye wa mng'ono wangayo amakhala. Ndinamupeza akusankha fodya m'chigafa.

"Yewo, alamu. Kwagwanji m'mawa muno?"

"Tasiyani kaye fodyayo," ndinatero.

Ndinang'amba envelopu iye akuona, n'kuyamba kumuwerengera mokweza.