Thireyi ya a Chikuse Sinagwe

Ku Bulangililo, komboni ina ya mumzinda wa Kitwe, anthu ankawadziwira kutali a Lighton Chikuse chifukwa cha kayendedwe. Ena onse popita kukakwera minibasi ankayenda mozemba maenje, uku ndi uku, koma iwo ankayenda choongoka, khosi lili njo, phewa lamanzere litakwera pang'ono ngati anyamula kanthu. Wachilendo akafunsa kuti mdalayu akudzimva chiyani, anthu ankangoti, "Asiyeni, ndi a ku hotela."

Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ukalaliki pa mgodi wa mkuwa, ndipo ankalakalaka mwana wawo atadzakhala munthu wa cholembera m'thumba. Koma sukulu inawakana a Lighton. Analowa ntchito pa hotela ina yaikulu ya pakati pa Kitwe asanamere ndevu, nayamba ndi kukwecha mapoto, mpaka anakwera n'kukhala weita, woperekera alendo zakudya. Mdala amene anawaphunzitsa ntchitoyo anawapatsa lamulo limodzi, ndipo iwo analiloweza kuposa katekisimu: mlendo asaone vuto lako. Kaya uli ndi malungo, kaya kunyumba wasiya maliro, kaya nsapato ikukuluma, iwe uzimwetulira. Ndipo thireyi ikafuna kugwa, igwere kwa iwe, osati kwa mlendo.

Nthawi imene hotelayo inali m'manja mwa boma, lamuloli silinkapweteka munthu. Pakhomo la pakati pa khitchini ndi chipinda chodyera pankakhala mphasa yalabala. Chaka ndi chaka maweita ankalandira nsapato zosaterera. Kabokosi ka mankhwala kankakhala kodzaza, ndipo wina akadzicheka ndi mpeni ankamangidwa bwinobwino n'kupatsidwa tiyi. Kenako zinthu zinayamba kuthothoka chimodzichimodzi. Mkuwa unagwa mtengo, alendo anachepa, mphasa ija inang'ambika n'kutayidwa, nsapato zinaiwalika. M'kabokosi munatsala thonje lakuda ndi mphemvu.

Boma litayamba kugulitsa katundu wake, hotelayo inagulidwa ndi munthu wina wamalonda amene antchito anangomuona kamodzi, ali m'galimoto. Anapentetsa khoma lakutsogolo, nagula makatani atsopano ndi maluwa apulasitiki. Penti yense anathera kumene kumafika maso a mlendo. Kuseri kwa chitseko paipi ya pansi pa sinki inkadontha usana ndi usiku, madzi n'kumayenderera mpaka pakhomo penipeni podutsa maweita. Boyd, wophika wamkulu, anadandaula mpaka kutopa. Yankho linali lakuti aziyalapo makatoni. Ndiye ankayaladi makatoni, makatoniwo n'kunyowa, n'kusanduka phala.

Woyang'anira watsopano anali Karen Mwila, mtsikana wa ku Ndola amene anaphunzira za mahotela. Sanali munthu woipa mtima, ndipo zimenezi ndi zimene zimapsetsa mtima kwambiri. Anasonkhanitsa antchito m'mawa wina n'kuwauza mwaulemu kuti pakutha pa mwezi theka la maweita lidzadulidwa, ndipo iye aziona yekha amene ali ndi mphamvu komanso changu. Masiku amenewo mawu ake anali amenewo, kudulira, ngati anthu ndi nthambi za mango.

A Chikuse anamva mawuwo akudziwa kuti imvi zawo zikuonekera patali. Kunyumba akazi awo, a Eneles, ankagulitsa zitumbuwa pamsewu, koma ogula anali kuti, poti theka la Bulangililo linali pa ulova? Mwana wawo Thandizo anali atadulidwa kale ku mgodi n'kubwerera kwa makolo ndi mkazi ndi ana. Nyumba yonse inkadyera pa thireyi imodzi. Choncho mdalayo anayamba kuthamanga ngati mnyamata, kulawirira m'mamawa, kupukuta ngakhale matebulo a anzake.

Tsiku la tsokalo kunabwera alendo ambiri, ena mwa anthu amene ankazungulira m'matauni a migodi kuona chimene angagule. Chipinda chinadzaza moti tebulo lina linaikidwa pafupi ndi chitseko cha khitchini. Pamenepo panakhala mayi wina wachizungu, atafulatira chitsekocho. Inali nthawi ya tiyi wa m'mawa. A Chikuse anatuluka ndi thireyi kudzanja lamanzere, pali makapu ndi ketulo yaikulu ya madzi ongophulidwa kumene pamoto. Phazi linaponda katoni yonyowa, katoni inatsetsereka.

Munthu wina aliyense akanataya thireyiyo n'kugwira chitseko. Koma thupi lawo linali litaphunzira kalekale, silinadikire kufunsa mutu. Dzanja linakokera thireyi pachifuwa, kutali ndi msana wa mayi uja, ketulo inapendekeka, madzi onse anakhuthukira m'kati mwa mkono wa jekete, kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Bondo linagunda pansi, koma kapu ngakhale imodzi sinagwe. Mayiyo anacheuka, ndipo anaona mdala waulemu akudzuka uku akumwetulira.

Atabwerera m'khitchini, Boyd anaponya chipande pansi. "Ba Chikuse, mwapya imwe! Vulani jekete bwangu, fulumirani, ikani mkono pa mpopi!"

"Leka chongo, Boyd," anatero iwo chapansipansi, mano atalumana. "Ufuna ba madamu Karen amve? Nipatse madzi ena."

Karen anali ataima pakona ya chipinda chodyera, maso ali pa maweita. Madzi otentha ali ndi chinyengo chimodzi, sasiya banga pa nsalu yoyera. A Chikuse anadzazanso ketulo, natuluka, nathira tiyi. Anagwira ntchito mpaka nkhomaliro itatha, nsalu yotentha ikuphika mnofu m'kati, iwo akufunsa alendo ngati angafune shuga wina.

Madzulo a tsikulo a Eneles anachita kunyowetsa malaya ndi madzi kuti achoke, ndipo pochoka anatenga khungu. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Bashi Thandizo, amuna anga, tiyeni ku kiliniki manje manje. Ichi si chilonda chosewera nacho."

"Ku kiliniki azanimanga chibandeji, ati pumulani wani wiki. Kupumula mwezi uno ni kuzichosa wekha nchito. Mufuna ana aja azidya chani?"

"Nanga mukafa azadya chani?"

"Sinifa na madzi a tiyi, amake Thandizo."

A Eneles ankawadziwa amuna awo kuuma khosi. Anapita pa kantemba, kagolosale kapamsewu, kukagula jivi, mankhwala a pepo aja opaka pa zilonda. Anapaka mkono wonse, namanga ndi chidutswa cha chitenje chakale, mopyapyala kuti usatukumuke m'jekete.

Masiku otsatirawo a Chikuse ankanyamula thireyi pa mkono womwewo, chifukwa weita wa nthawi yawo sanyamulira kumanja, dzanja lamanja ndi loperekera. Matuza anaphulika, chilonda chinayamba kuchucha, thupi linkatentha. Ankalowa kuchimbudzi cha antchito, n'kutsamira khoma mpaka chizungulire chitatha, n'kutuluka nkhope ili bwinobwino. Tsiku lina Karen anawayamikira pamaso pa anyamata, kuti aziphunzira kwa mdalayu kaimidwe ndi ulemu. Anafika kunyumba akusekerera ngati mwana wakhoza mayeso, nauza akazi awo kuti ntchito ija yapulumuka. Koma a Eneles ankamva fungo la chilondacho ali pakhomo.

Lachisanu kunali nkhomaliro yotsanzikana ndi alendo aja. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'chipindamo munali ngati mu uvuni. Thukuta linasakanikirana ndi madzi a chilonda, linasungunula jivi, linadutsa chitenje ndi malaya. A Chikuse ankawerama kuika mbale ya nyama pamaso pa bambo wina pamene bamboyo anabweza mpando m'mbuyo n'kuloza. Pa mkono woyera wa jekete panali banga la pepo, lonyowa, likukula.

Karen anawakodola, nalowa nawo kuseri kwa chitseko. "Ba Chikuse, nichani ichi? Pindani nione."

Anapinda pang'onopang'ono. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pamphuno. "Mayo! Mwakhala mupereka chakudya na mkono uyu? Kuyambira liti?"

"Ni pang'ono chabe, madamu. Ninaterera apa pamene, pa Mande. Koma alendo sanathiridwe olo dontho."

"Apa? Nanga bwanji simunakambe? Lamulo la sefite likamba kuti ngozi iliyonse muzinena tsiku lomwelo. Manje tizaziba bwanji kuti simunapsere kunyumba?" Anatembenuka. "Ba Boyd, munaonako?"

Boyd anapitiriza kutakasa msuzi, maso ali mumphika. Nayenso anali ndi ana, ndipo mwezi unali usanathe. "Ine nenze bize, madamu," anatero.

Sefite imene ankanenayo ndi malamulo a chitetezo cha anthu pa ntchito. Zaka zonse zimene paipi inkadontha, malamulowo anali m'tulo. Nsapato zitasiya kubwera sanatsokomole n'komwe. Anadzadzuka tsiku limenelo, ndipo atadzuka anagwira mdala wopsa uja pakhosi. Karen ankatchula malamulowo bwinobwino, mosaphonya, nsapato zake zazitali zitaponda pa makatoni onyowa omwewo.

"Munthu wa chilonda saloledwa kugwira chakudya cha alendo. Ni lamulo, ba Chikuse, si ine. Pitani mukapole, tizaona."

"Madamu, nisilizeko chabe tebulo ija. Sanamwe tiyi."

"Awe mukwai. Collins azasiliza."

Collins anali mmodzi wa maweita achinyamata. Analandira thireyi m'manja mwa a Chikuse osawayang'ana kumaso. Mdalayo anatulukira khomo lakumbuyo, kumene amatayira zinyalala, dzuwa likadali pamutu.

Mawa lake a Eneles sanapemphenso chilolezo, anawakokera ku kiliniki. Namwino anakalipa kuti munthu wamkulu ngati ameneyu angasunge bwanji chilonda chotere, akufuna adulidwe mkono? Anatsuka, nawabaya jekeseni, nanena kuti chigongono mwina sichidzaongokanso ngati kale. Mabandeji kunalibe. Anawauza kuti azipeza okha nsalu yoyera yolimba, aziiwiritsa, azimanga tsiku ndi tsiku.

Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, Boyd anatulukira ku Bulangililo. Anakana kulowa m'nyumba, anakana ngakhale mpando. Anaima pampanda chipewa chili m'manja, nanena zimene anatumidwa: a Chikuse asavutike kubwera, malo awo adulidwa. Za kupsako hotela sikuzidziwa, popeza sizinanenedwe. Koma jekete ndi katundu wa kampani, libwezedwe lili lochapa.

A Chikuse anathokoza, namufunsa ngati alendo aja anapita osadandaula. Boyd anangogwedeza mutu n'kubwerera, akuyenda mofulumira ngati wina akumuthamangitsa.

Lolemba m'mawa a Eneles pochokera kumpopi anawapeza kuseri kwa nyumba atagwada pa beseni. Jekete analipanikiza ndi bondo, akulikwecha ndi dzanja limodzi, mkono wopsa uli lende, ntchentche zikuuzungulira. Sopo anali atatsala pang'ono kutha, koma aliyense amene anagwirapo jivi akudziwa kuti sachoka pa nsalu. Banga linangofalikira.

"Muchita chani?"

"Siningabweze chinthu cha bene chili na dothi. Azakamba kuti Chikuse enze munthu wauve."

A Eneles anatula ndowa. Mkwiyo umene anausunga sabata yonse unawakwera mpaka m'maso. Analowa m'nyumba, natuluka ndi sizasi, nalanda jeketelo m'beseni madzi ali chuchuchu.

"Amake Thandizo, ni ya kampani iyo!"

"Na mkono uyu wenze wa kampani. Aubweza uli bwanji?"

Sizasi inalowa kumsana kwa jekete, kuchokera pansi mpaka pakolala. Anadula timizere titalititali, mabatani akugwera m'fumbi, naponya nsaluzo mumphika wa madzi owira. A Chikuse, amene sanalire pamene khungu linkachoka ndi malaya, anakhala pansi pa njerwa n'kuyamba kusisima, mapewa akugwedezeka. Akazi awo sanawatonthoze. Anayanika nsaluzo padzuwa, zitauma anabwera nazo n'kugwada patsogolo pawo.

"Tambasulani mkono."

Anatambasula mpaka pamene unalolera. A Eneles anayamba kukulunga, mosamala, kuchokera padzanja kukwera kuchigongono.

"Manje nizakawauza chani ku nchito?" anafunsa mdalayo.

"Nchito iti?" anatero a Eneles, namanga mfundo.