Nkhata Yanga Anaika Ndi Azakhali

Abambo anga anayamba kunditchula kuti a Injiniya ndisanatsegule n'komwe buku la uinjiniya. Tsiku lomwe tinamva kuti ndasankhidwa kupita ku yunivesite anali kudimba akukumba kachewere. Anavula chipewa, n'kupukuta manja pa buluku, n'kundipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo wochokera kuboma. Kuyambira pamenepo sanandinenenso kuti iwe. "A Injiniya, tandipatsirani khasulo." "A Injiniya, mbuzi zalowa m'kabichi." Anthu ankaseka, ine ndinkakwiya, eni ake osasiya.

Pakati pa mudzi wathu, kufupi ndi Kasina, ndi madimba pali kamtsinje. Chaka chilichonse abambo ndi anzawo ankayalapo mitengo ya bulugamu, ndipo chaka chilichonse madzi a m'dzinja ankaikokolola. Tikamawoloka ankagogoda mtengo ndi chidendene n'kunena kuti, "Mlatho uwu ndi wongogwirizira. Weniweniwo tikudikira inu."

Ku yunivesiteko zinthu sizinandikomere. Ndinachokera kusekondale yoyendera komwe zida za sayansi tinkangoziona pa zithunzi za m'buku, pamene anzanga ena anali atazigwira mpaka kutopa nazo. Chaka choyamba masamu anandigwetsa, ndinabwereza. Chaka chachiwiri ndinawerenga mpaka masiketi kuyamba kundikulira, ndipo ndinakhoza zonse kupatula phunziro limodzi, lija lowerengera katundu amene chitsulo kapena konkire ingasenze isanathyoke. Anandipatsa mwayi wolembanso phunzirolo, mayeso amene ophunzira timawatchula kuti sapu.

Lamulo lake silinkapita m'mbali. Ukalephera sapu umabwereza chaka, koma kubwereza amalola kamodzi kokha. Ine kamodzi kangako ndinali nditadya kale. Kulephera sapu imeneyi kunali kulongedza chikwama n'kubwerera kumudzi, zaka zonsezo zitapita m'madzi.

Ndinawafotokozera abambo zimenezi patchuthi, tikuthirira kabichi m'mawa wina wa mu Juni, kuzizira kwa kwathu kuja kolowa m'mafupa. Anaika keni pansi n'kumvetsera ngati mmene ankamverera ulaliki, mutu uli chopendekeka.

"Nanga munthu likamugwera vuto pa tsiku la mayesolo?" anafunsa motero.

"Mayeso sadikira munthu, ababa. Ukapanda kulowa m'chipindamo, walephera basi."

Ndinayankha choncho chifukwa ndi mmene tinkaopsezerana kusukuluko, ndipo ndi mmene ndinkadziwira. Iwo anapukusa mutu. Kwathu maliro amaimitsa chilichonse, khasu, sukulu, ngakhale ukwati, tsono malo osadikira munthu anali achilendo kwa iwo.

"Malo oopsa amenewo," anatero. "Koma walira mvula walira matope, a Injiniya. Sukuluyi tinaifuna tokha."

Ndinabwerera kusukulu anzanga ali patchuthibe, kukakonzekera. Pakhomo pathu panali foni imodzi, ndipo imagwira bwino munthu akakwera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Lamulungu lililonse Misa ikatha abambo ankakwera pachulupo n'kundiimbira, kundiuza za mitengo ya kabichi pa msika ndi za kwaya yomwe ankati ikuimba ngati yakwiyira wansembe. Lamulungu loti mayeso ali m'sabata yomweyo, anaimba ndi amayi.

"Abambo ako atsikira kudimba," anatero. "Akuti ulimbikire."

Mawu awo anali owongoka, opanda chodabwitsa. Zinandikhudza pang'ono kuti abambo, munthu amene ankatikalipira tikathyola ngakhale tsamba la mpiru pa Lamulungu, apite kudimba tsiku limenelo. Koma m'mutu mwanga munali modzaza zitsulo ndi konkire, ndipo ndinabwerera pa buku.

Mayesowo ndinalemba bwino. Ndinatuluka m'chipindamo ndikudziwa kuti ndawoloka, miyendo ili yopepuka. Ndinaimba foni ya kumudzi, yosagwira, ndipo sindinadandaule poti palibe amene amakhala pachulu pakati pa sabata. M'mawa mwake ndinakwera minibasi. Pa boma la Dedza ndinatsika kanthawi n'kulowa m'sitolo ya bambo wina wachisilamu, n'kugula chipewa chaubweya chofika m'makutu. Cha abambo chinali chitabowoka pamwamba, ndipo ndinkafuna ndikawaseke kuti a Injiniya ayamba ndi kukonza denga la mutu wawo.

Pa Linthipe ndinapeza wa njinga yamoto wa m'mudzi mwathu momwe, bambo wolongolola amene amatha kukuuza za mudzi wonse musanafike theka la ulendo. Tsikulo anangolandira chikwama n'kuchimanga. Tinayenda chete. Titayandikira mudzi ndinaona masamba ouma atakankhidwira m'mphepete mwa msewu, aja amayala panjira pakakhala maliro.

"Anatisiya ndani, achimwene?"

"Tifika, achemwali," anatero, osacheuka.

Sanaime pakhomo pathu. Anapitirira mpaka kwa amalume, alongo awo a amayi. Ndikutsika, amayi ena amene ankachokera kumjigo anatula ndowa pansi n'kuyamba kulira, ndipo kulirako kunafalikira nyumba ndi nyumba, monga amalandirira wachibale amene wafika maliro atapita. Pakhonde panali amayi anga atavala zakuda, kumutu atameta. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna abambo kuti andiuze chachitika n'chiyani. Palibe anafunikanso kundiuza.

Amalume anandilowetsa m'nyumba n'kundikhazika pamphasa. Chinali chibayo. Chinawagwira mwadzidzidzi sabata yapitayo, anawatengera kuchipatala, koma sichinawapatse mpata. Anamwalira Loweruka, anawaika Lolemba.

Ndinawerenga masikuwo m'mutu. Lamulungu lija mtembo unali m'nyumba. Amayi anadzuka pa siwa, pakati pa amayi anzawo olira, n'kuyenda mpaka kuseri kwa tchalitchi kuti ndisamve nyimbo za maliro. Anakwera pachulu paja n'kuwongola mawu awo kundiuza kuti abambo ali kudimba.

Ndinalusa. Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire, koma tsikulo ndinapyola malire. Ndinawayankhula amalume zimene mwana wamkazi sayenera kuyankhula kwa malume wake. Ndinawafunsa ngati ndine mwana wotola. Ndinawafunsa kuti ndani anawapatsa mphamvu yondilanda maliro a abambo anga, poti ngakhale wamisala amamuuza kuti kwanu kwagwa zovuta. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu kundithera.

"Analamula ndi eni ake," anatero pamapeto pake. "Kuchipatala kuja, mpweya ukuwavuta, anandigwira dzanja ili. Anati, mwanayo musamuuze kufikira atalemba. Anati mayeso ake sadikira munthu."

Anali mawu anga omwe, aja a kudimba. Abambo anawasunga bwinobwino, osataya ngakhale limodzi.

Madzulo dzuwa lisanalowe azakhali, alongo awo a abambo, ananditengera kumanda. Kwathu dothi likaunjikidwa amaitana abale mmodzimmodzi kudzaika nkhata za maluwa: akazi a malemu, kenako ana motsatana ndi kubadwa kwawo. Ine ndine woyamba. Azakhali anandiuza kuti ataitana mwana woyamba anthu anayang'anana, kenako iwo anaimirira n'kukaika m'malo mwanga.

"Yako ndi iyi," anatero, akuloza ina ya kumutu.

Maluwa ake anali atafota kale. Ndinagwada n'kuikhudza, chipewa chija chili m'dzanja linali, poti ndinali ndisanachisiye chitsikire njinga. Ndinalira mpaka azakhali kundidzutsa. Chipewacho chikadali m'sutikesi mwanga.

Zotsatira zitatuluka ndinali nditakhoza. Mudzi wonse unati abambo anaona patali. Amayi anapereka Misa yothokoza. Nane ndinayamba kudzitonthoza nazo zomwezo: anandilanda maliro, inde, koma anandigulira sukulu. Ndinkati ululuwu uli ndi phindu lake, ndipo ndi zimene zinandiyendetsa chaka chachitatu chonse.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho, mayeso ali mkati, mnzanga wa m'kalasi analandira uthenga woti mayi ake amwalira. Ndinamuperekeza ku ofesi ya mkulu wa maphunziro athu, ine ndikumulirira kale mumtima kuti sukulu yake yatha. Mayi amene tinawapeza mu ofesimo anamupepesa, n'kumuuza kuti apite akaike mayi ake. Anati lamulo limalola munthu woferedwa kholo kudzalemba pambuyo pake, ndipo sawerengedwa kuti walephera.

"Lamulo limeneli layamba liti?" ndinafunsa.

"Lakhalapo kuyambira kale, mwanangu. Ngakhale pa sapu. Bola kutidziwitsa."

Mnzangayo ndinamuperekeza kudepoti, ndinamukweza basi, ndinamukupizira dzanja. Pobwerera ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu anthu akundilambalala. Ndikanatha kubwera. Ndikanatha kuwaona nkhope abambo, kuponya dothi, kuika nkhata yanga ndi manja anga, n'kudzalemba mayeso omwewo n'kukhoza chimodzimodzi. Amayi akanakhala pa siwa n'kulira mwamuna wawo ngati mkazi wina aliyense. Abambo akanathera mpweya wawo wotsiriza pondiitana. Tsiku limenelo ndi lomwe mtima wanga unasweka kwenikweni, kuposa tsiku la kumanda lija, chifukwa panalibenso woti ndimukwiyire.

Sindinauze munthu kumudzi. Ndinamaliza maphunziro, ndinavala gauni, amayi ndi amalume anabwera n'kujambulitsa nane. Panopa ndimagwira ntchito ya misewu kutali ndi kwathu. Pakamtsinje paja pakadali mitengo ya bulugamu, ndipo amayalapo ndi ana a anzawo a abambo.

Chaka chatha ndili kumudzi ndinaperekeza amayi kudimba. Akalamba tsopano, ndipo powoloka ndimawagwira dzanja. Tili pakati pa mitengoyo anaima, maso ali pamadzi.

"Mwana wanga, pali chimene chimandisowetsa mtendere," anatero. "Lija Lamulungu lija. Ndinakunamiza abambo ako ali chigonere m'nyumba. Ndinakalapa kwa wansembe, koma mtima sukhazikika. Tandiuza, poti sukuluyo unaimaliza ndipo malamulo ake ukuwadziwa. Tikanakuitana, bwenzi atakuchotsa, eti?"

Anachotsa maso pamadzi n'kundiyang'ana.

"Inde, amayi," ndinatero. "Bwenzi atandichotsa."

Anapuma mozama, n'kugwedeza mutu. "Ndiye sitinalakwe," anatero. Anandisiya dzanja n'kumaliza kuwoloka okha, ine nditatsala pamitengopo.